Nsapato Zokulirapo

Nkhaniyi inayamba ndi manong'onong'o pampopi, koma pofika kumsika inali itamera kale miyendo ndi mchira womwe. Ankati fizi ya Kanyerere, mwana wa aKalipentala uja, walipira ndi mwamuna. Mwamuna wake uti? Apa ndiye pakamwa pankasiyana. Ena ankati ndi mdala wa golosale, uja wa dazi lonyezimira ngati amalipaka mafuta ophikira. Ena ankati ayi, ndi dalaivala wa lole amene amaima pamphambano kumwa tiyi. Chimene onse ankagwirizana n'chakuti ndalamazo zinabwera panjira ya pafoni yotchedwa kiripito, zopanda dzina, zopanda nambala, ndipo munthu wa zolinga zabwino sabisa nkhope akamathandiza mwana wamkazi wa eni.

Azakhali ake a Kanyerere, amene tonse timangowatcha aTelala, anafika pakhomo pa mchimwene wawo m'mawa wina atapinda siketi ya yunifolomu m'khwapa. Anapeza moto uli lawilawi. AKalipentala anali chilili pakati pa chipinda chochezera, pensulo ili kukhutu, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Kanyerere anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, wafumbata nsapato zatsopano zakuda ngati wina akufuna kumulanda.

"Ndikufunsa komaliza. Ndani?"

"Sindikumudziwa, ababa."

"Sukumudziwa. Munthu angokupatsa fizi ndi nsapato pamwamba, iwe osamudziwa. Ine zaka zonsezi ndikupala matabwa sindinapatsidwepo ndi msomali womwe ndi munthu wosamudziwa."

Mayi ake a Kanyerere anayesa kulowererapo. Anakumbutsa amuna awo kuti aphunzitsi a masamu anafotokoza kale zonse. Mwana aliyense wothamangitsidwa chifukwa cha fizi, aphunzitsiwo anamupangira kachizindikiro ka timadontho takuda n'kukamata pabolodi la pakhonde la ofesi, kuti wachifundo aliyense angolozapo foni n'kulipira. Ndalama zikafika, ngakhale aphunzitsiwo saona kuti zachokera kwa yani. Ndi mmene njirayo inapangidwira.

AKalipentala anati zimenezo anazimva, makutu ali nawo. Koma pabolodipo panali ana ambirimbiri, nanga bwanji wachifundoyo anadumpha anyamata onse, anadumpha ana amasiye, n'kudzatera pa mwana wawo yekha amene wayamba kumera pachifuwa? Utsi sufuka popanda moto. Ndipo anagamula pomwepo: mwezi ukatha mwini ndalamayo asanaonekere, Kanyerere asiya sukulu, apita m'tauni kukalera ana a mayi wina amene wakhala akufunsa za wantchito. Kumeneko mdala wa golosale sakamupeza.

"Mayeso ali pafupi, achimwene," anatero aTelala chapansipansi.

"Achemwali, mayeso a chiyani? Mukufuna adzalembe ali ndi mimba? Inu sokani masiketi, ana ndilera ndekha."

ATelala anaika siketiyo pampando n'kutuluka. Panjira sanapatse moni munthu, ndipo anthu amene anawaona ankati ndi chisoni cha mwana wa mchimwene wawo. Chisoni chinalipo ndithu. Koma tsono khalani bwino mumve: mdala wa golosale uja, dalaivala wa lole uja, mwamuna woopsa uja amene dera lonse linkamusakasaka, anali aTelala omwewo.

Mufunsa kuti nanga ankabisiranji? Ndiye kuti amuna awo simukuwadziwa. Dzina lawo lenileni linatayika kalekale, aliyense amawatcha aMawandiwina. Ntchito yawo ndi kubetcha mpira pafoni. Matimu a kunja amawadziwa mpaka amene wavulala bondo, koma mtengo wa sopo sawudziwa. Ndalama iliyonse yolowa mufoni ya akazi awo, iwo amaimva fungo, chifukwa ejenti wa ndalama za pafoni wa pakabenchi, mnyamata amene timamutcha Wailesi, sasunga mawu m'mimba. ATelala akangotapa ndalama, Wailesi amakuwira aMawandiwina akudutsa kuti, "Bwana, lero kunyumba kuli nyama!" Pofika madzulo nyamayo imakhala itadyedwa ndi timu ina ya kutsidya kwa nyanja. ATelala anakadandaulapo kwa mchimwene wawo, yankho linali lakuti banja ndi kupirira, mwamuna ndi mutu, ndalama ya mkazi ndi ya pakhomo.

Ndiye kunabwera mayi wina wogula zikwama za nsalu n'kumakagulitsa kutali. Ataona misoko ya aTelala anagwa nayo m'chikondi, ndipo atamva za aMawandiwina anangoseka n'kunena kuti mankhwala ake alipo. Anawapatsa kafoni kakale kong'aluka galasi, nawaikiramo chikwama cha kiripito, cha mtundu uja wobisa wotumiza, wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama komwe. Anawaphunzitsanso malamulo ake ngati akulangiza mwana wopita ulendo. Aliyense wokulipirani muzimupatsa adiresi yatsopano. Mukalandira lero musatumize lero lomwe, komanso musatumize ndendende zimene mwalandira, anthu ochenjera amalumikiza. Pofuna kusintha kuti zikhale ndalama zogwirika, musayandikire pa Wailesi, kwerani basi mukasinthire kumene sakukudziwani. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse, makinawa amabisa phazi lanu, koma mlomo wanu sangaubise.

Kafoniko kankagona pansi pa thumba la zidutswa za nsalu, kuseri kwa makina osokera. Malo abwino zedi amenewo. AMawandiwina amafufuza pansi pa matiresi, m'chitini cha shuga, ngakhale m'thumba la diresi lopachika, koma chinthu chofanana ndi ntchito sachikhudza.

Tsiku lina aTelala atapita kusukulu kukapereka mayunifolomu, anaona kachizindikiro ka Kanyerere pabolodi, dzuwa litakawaula kale. Pakhonde panalibe munthu. Anatulutsa kafoni, analoza, anadina. Anawonjezerapo pang'ono, poti mwanayo ankayenda chidendene chili pamtunda, ndipo pamalo olembapo uthenga, umene amawerenga wolandira yekha, analemba kuti zotsalazo agule nsapato, koma zikhale zokulirapo, mwana akukula. Anabwerera kwawo mtima uli mbee, akuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Sanadziwe kuti anthu akasowa dzina amapeka lawo.

Masiku otsatira zinthu zinangoipiraipira. Kusukulu anzake a Kanyerere anayamba kumutcha mayi a golosale, ena kumamufunsa ngati angawakongoze shuga. Akazi ake a mdala uja anamuthamangitsa pasitolo atapita kukagula machesi, akumuuza kuti akafune agogo ake kwina. Mdalayo, munthu wosalakwa, anayamba kuvala chipewa ndi kuyenda chozemba. Ngakhale dalaivala wa lole anasiya kuima pamphambano, mayi wa tiyi n'kuyamba kutukwana banja lonse la aKalipentala kuti lamuthawitsira kasitomala.

AMawandiwina ndiye nkhaniyi inkawakomera ngati uchi. Masana ena anakhala pampando wa makasitomala kushopu ya akazi awo, miyendo atasanjika pa thumba lenileni la zidutswa lija, akutokosa m'mano.

"Mayi, mukudziwa, mdala uja ndi wopusa. Ndalama zobisika ngati zimenezo kumathera pa fizi? Akanandipatsa ine, Loweruka lomweli zikanabereka ana ndi zidzukulu."

"Chotsani miyendo pa nsalu za eni."

"Ndikunena zoona. Munthu wa kiripito ameneyu ndikangomudziwa, sindimusiya. Ndizigona pakhomo pake."

ATelala anapalasa makina mwamphamvu mpaka ulusi unaduka. M'mutu mwawo munali nkhondo. Akaulula, Kanyerere apulumuka, koma mawu akafika kwa Wailesi dzuwa lisanalowe, ndipo kafoni kaja kakalowa m'thumba la aMawandiwina pamodzi ndi thukuta lawo lonse. Akakhala chete, mwana wosalakwa akwera basi kukachapa matewera a eni. Khoswe anali atakhala pamkhate: ukamuponya mwala waswa mkhate, ukamusiya akumwera madzi.

Anayesa njira zina. Anapita kwa aphunzitsi a masamu ngati zakhali wodandaula chabe, kukawapempha kuti akalankhule ndi aKalipentala. Aphunzitsiwo anapitadi, anafotokoza mpaka kujambula pansi ndi kamtengo, koma aKalipentala anangofunsa funso limodzi, ngati aphunzitsiwo angalumbire kuti wotumizayo si mwamuna. Aphunzitsi anati sangalumbire, poti sakumudziwa. AKalipentala anati basi, mwayankha nokha. ATelala anaganizanso zolipirira mwana wina wa pabolodipo, wamwamuna, kuti anthu asokonezeke. Koma m'chikwamamo munali mutatsala zochepa, komanso anaopa kuti mawa amva zoti mdala wa golosale wayamba ndi anyamata omwe.

Mwezi uli pafupi kutha, Kanyerere anabwera ndi mayi ake kushopu kudzayesa siketi ija, poti inali yotaya m'chiuno. Mayi akewo anati ngakhale mwanayo akupita m'tauni, siketi ndi siketi, akavala popita kumsika. Kanyerere anali ataonda, maso ali psuu. Anaima pakabokosi, aTelala anagwada pansi mapini ali kukamwa, akupinda mpendero. Apo ndi pamene maso awo anagwera pa nsapato zija. Kunali koyamba kuziona zili kuphazi. Dzanja linapita lokha, mwa chizolowezi, chala chachikulu n'kudina kutsogolo kwa nsapato. Chala cha mwana chinali pomwepo, chagunda kumapeto, popanda ndi kampata komwe.

Analavula mapini aja.

"Aa, koma anthu inu! Ndinanena ine kuti zikhale zokulirapo. Izi pofika chaka chamawa zikhala zitamuthina, ndiye mudzati..."

Anadukiza pomwepo. M'shopumo munangoti zii, kumveka wailesi ya kometera tsitsi kuseri kwa khoma. Mayi ake a Kanyerere anayang'ana alamu awo, anayang'ana nsapato, anayang'ananso alamu awo. Kenako anatuma mwanayo kuti akagule ulusi wakuda, ngakhale ulusi wakuda unali mbwee patebulo.

Mwana atatuluka, mayiwo anakoka mpando. Anati uthenga uja aphunzitsi anawawerengera iwo okha, ndipo sanauzepo munthu, ngakhale amuna awo. Pamene ankaumva anadabwa kuti mdala wa golosale wadziwira kuti zoti mwana amamugulira zokulirapo. Anayenera kuzindikira tsiku lomwelo, poti m'dera lonse muno munthu mmodzi yekha ndi amene amasokera mwana wa sitandade wani diresi lofika m'mapazi n'kumati alikulira.

"Alamu, ndinu?"

ATelala anayesa kunena kuti amangoyankhula mwa chizolowezi, koma misozi inawatsogolera. Mayi ake a Kanyerere nawo anayamba kulira, kenako kuseka, kenako zonse pamodzi. Anati ndiye mdala wa dazi amene wawasowetsa tulo masabata onsewa ndi ameneyu, wovala tepi m'khosi? Anafuna kuthamanga nthawi yomweyo kukauza amuna awo, koma aTelala anawagwira mkono.

"Mukawauza inu sakakhulupirira, akati azimayi mwapangana. Akakhulupiriranso, akafuula mpaka amuna anga amve. Ndipita ndekha."

M'mawa mwake anafukula kafoni kaja, anakakulunga m'kansalu, ulendo kushedi kwa mchimwene wawo. Anapeza aKalipentala akupala chitseko, anyamata awo atapita kukatenga matabwa. ATelala anakhala pa benchi losamaliza n'kuyamba ndi funso. Anafunsa ngati mwini ndalama uja ataonekera, n'kupezeka kuti si chibwenzi, mwana abwerera kusukulu. AKalipentala anati mawu awo ndi amodzi ngati msomali. Anafunsanso ngati angathe kusunga chinsinsi chimene chingagwetse nyumba ya munthu. AKalipentala anati iwo si Wailesi.

Apo aTelala anamasula kansalu. Chikwama cha mtundu umenewu chimabisira dziko lonse, koma mwini wake chimamusungira umboni wa zimene watumiza, woti akafuna aonetse munthu mmodzi amene wamusankha yekha. Anatsegula, napereka. AKalipentala anapukuta manja pa ovolosi, anayandikitsa kafoniko kumaso, anawerenga tsiku, anawerenga uthenga wa nsapato. Anakhala pansi, pautuchi penipeni.

"Achemwali, ndinu? Nanga osangondipatsa m'manja bwanji? Ndine mlendo ine?"

"Ndikanakupatsani m'manja, mukanathokoza pamaso pa alamu anu, poti ndinu munthu waulemu. Ndiye teremu yamawa fizi ikanapita kukasewera mpira."

"Komabe mpaka kubisala ngati wakuba?"

"Ndinabwera pano chaka chatha, ndinakhala pa benchi ngati lomweli. Munati chiyani? Munati ndalama ya mkazi ndi ya pakhomo, ndipirire. Ndiye ndapirira mmene ndikudziwira. Wakuba ndine, achimwene, ndikuba thukuta langa lomwe."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. AKalipentala anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana ngati ndi yachilendo, anaibwezera. Patapita nthawi anati mwana abwerera kusukulu mawa lomwe, ndipo akamupepesa, ngakhale sadziwa kuti bambo amayamba bwanji kupepesa mwana. Koma panatsala fupa. Anthu akapanda kumva dzina, Kanyerere akhalabe mayi a golosale mpaka adzakalambe. Akamva dzina, aMawandiwina afika pa thumba la zidutswa.

ATelala anati fupa limenelo alibweretsa kwa mwamuna, poti amuna ndiye mitu.

Loweruka lake, nthawi imene pakabenchi ka Wailesi pamadzaza anthu, aKalipentala anafika atavala malaya oyera. Anagula mayunitsi, kenako anayamba kudandaula mokweza, ngati akuyankhula ndi Wailesi yekha, kuti dziko laipa, munthu sungayesenso banja lako mwakachetechete. Anati fizi ija analipira ndi iwo. Pali bwana wina wakutali amene amawagula mipando n'kumalipira pa kiripito, ndiye anafuna aone ngati mwana wawo ndi mkazi wawo angagwedezeke ndi ndalama za munthu wosamudziwa. Ukali wonse uja unali sewero. Ndipo aliyense wotchulanso mwana wawo pamodzi ndi golosale, akakumana naye kubwalo la milandu.

Bodza lake linali lokhota ngati thabwa losauma, koma Wailesi analiwongola yekha. Pofika masana dera lonse linkadziwa kuti aKalipentala ndi mpondamatiki wobisala, ndipo panapezeka anthu angapo olumbira kuti iwo ankadziwa kale, ankangoona mayendedwe. Mdala wa golosale anavula chipewa. Akazi ake anatumiza paketi ya shuga kwa Kanyerere, osanena kuti ndi ya chiyani. Dalaivala wa lole anayambiranso kumwa tiyi.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimene aKalipentala anatsekula sichinatsekekenso. Lolemba m'mawa anapeza aMawandiwina atakhala kale pakhomo pa shedi, akumwetulira mpaka mano a m'mbali.

"Alamu anga okondedwa! Ine ndinkadziwa kuti m'banja mwathu muli munthu. Tamverani, pali timu ina Lachitatu, singaluze ngakhale itasewera ndi mwendo umodzi."

Kuyambira tsiku limenelo aMawandiwina akuchita zimene analonjeza, akugona pakhomo pa munthu wa kiripito. AKalipentala akakana, iwo amati ndi kuumira kwa anthu olemera, abweranso mawa. Tsiku lina aKalipentala atatopa anawapatsa sandipepa kuti ngati akufuna kukhala pamenepo azikwecha miyendo ya mipando, ndipo ndikunena pano akwecha ndithu, poyembekeza kuti mlamu afewa mtima. Kumbuyo kwawo kumabwera a msonkhano wa makolo kufuna thandizo la denga la kalasi, asuweni amene sanaonekepo chibadwire, ndi mnyamata wina wofuna aKalipentala amuphunzitse kiripito, chonsecho iwo ngakhale kutumiza uthenga pafoni amachita kuitana Kanyerere.

Akakumana ndi mlongo wawo panjira amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Achemwali, katundu wanu uja akulemera." ATelala amayankha kuti, "Pirirani, achimwene. Banja ndi kupirira."

Kushopu tsopano kuli mtendere, makina akulira tsiku lonse popanda wosanjika miyendo pa thumba. Kanyerere analemba mayeso ake atavala nsapato zothina zomwezo. Za teremu ino zafika kale, zazikulu moti amachita kufwatikamo nyuzipepala kutsogolo, ndipo akamayenda zimamveka phwa, phwa, kuyambira kumpopi mpaka kusukulu. Iye amakhulupirira kuti anagula ndi bambo ake, ngakhale nthawi zina amaziyang'ana nsapatozo, n'kuyang'ana siketi yake yofika m'akakolo, n'kucheukira kushopu ya azakhali ake.

Makina a kiripito aja sanaulule kanthu mpaka lero, ntchito yawo anaigwira bwinobwino. Odziwa chinsinsichi anali atatu okha, aTelala, mlamu wawo ndi mchimwene wawo. Za mmene chinafikira m'khutu langa musandifunse, khoma la kometera tsitsi lija ndi lopyapyala. Tsopano mwachimva ndi inu. Ndiye tandiuzani, mawa mukakumana ndi aMawandiwina pakabenchi ka Wailesi, iwo n'kukufunsani kuti kwagwanji m'dera muno, mlomo wanuwo muutha kuugwira?